Mpando wa Kutsogolo m'Lole ya Fodya

Ndinasankha fodya kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mpaka lero ndikatsokomola m'tchalitchi anthu amatembenuka ngati ndine wosuta. Sindinasutepo n'kamodzi komwe. Ndi fumbi la mu shedi limene linandikhala pachifuwa, ndipo zikuoneka kuti tidzapitira limodzi kumanda.

Shedi imeneyo inali kunja pang'ono kwa boma la Lundazi. Eni ake sitinawaonepo, tinkangomva kuti ali ku Lusaka. Ife tinkadziwa manijala, kapitawo ndi benchi. Pa benchipo aliyense anali ndi malo ake, ndipo ntchito inali kumasula mitolo ya fodya wa alimi n'kupatula tsamba lowala ndi lakuda, lathunthu ndi long'ambika, kuyambira nthawi yokolola mpaka dzuwa litayamba kuwawa mu Seputembala. Ukamaliza nyengo yonse, chaka chotsatira ankayamba kuitana iwe. Ukasiyira panjira, malo ako ankalowa wina tsiku lomwelo, ndipo sunkawaonanso. Zinali zaka zoyamba boma litangosintha, m'ma 1990 muja, pamene chilichonse chinkatsekedwa. Depoti ya chimanga kumene mwamuna wanga ankanyamula matumba inali itatsekedwa, feteleza atasowa, mvula nayo itatichita chipongwe. Chimene chinkalowetsa mchere ndi sopo pakhomo pathu chinali benchi langa lija.

Ambiri tinkachokera kumidzi ya cha ku Kapichila. Basi inali italeka kufika kumeneko, choncho kampani inkatitumizira lole m'mamawa, yomweyo yonyamula mabelo. Tinkakwera kumbuyo, kopanda pokhala, kopanda tenti, titagwirana m'mapewa. Msewu unali maenje okhaokha, ndipo lole ikagwera mu limodzi tonse tinkadumpha n'kutera pomwe tatera.

Woyendetsa lole imeneyo anali apongozi anga, bambo ake a mwamuna wanga.

Ine kwathu ndi kumwera, cha ku Chipata. Kwathunso apongozi timawaopa, koma kumene ndinakwatiwa, kwa Atumbuka osakanikirana ndi Angoni, amachita kunyanya. Mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wawo, sayankhula ndi apongozi aamuna, sadya iwo akuona, sakhala nawo m'chipinda chimodzi. Mukakumana panjira umapatukira m'tchire n'kugwada utayang'ana kumbali, ngakhale pakhale chitedze. Zimayamba kufewa ukabereka mwana woyamba. Pamenepo amakupatsa nkhuku, ndiye kuti tsopano ukhoza kuwapatsa moni. Ine nkhuku ndinali ndisanalandire. Mimba yanga yoyamba inapita padera ili ndi miyezi inayi, tsiku lina nditangotsika lole yomweyo, choncho pamudzi ndinali ndidakali mlendo ngakhale ndinali nditakhalapo zaka zitatu. Lole ndinkakwerera kumbuyo kwenikweni, kumene galasi lawo silinkafika, kuti asaone miyendo yanga pokwera.

Za iwo sindikudandaula. Anali munthu wofatsa, wa msana wopweteka, amene anayamba kuyendetsa magalimoto nthawi ya atsamunda. Ulendo wonyamula antchito anawapatsa chifukwa cha ukalamba, poti unali waufupi ndipo ankagona kunyumba tsiku lililonse. Madalaivala achinyamata ndiwo ankapita ndi mabelo ku Chipata, msewu umene masiku amenewo unkamaliza galimoto ndi munthu yemwe.

Pa shedi panali lamulo lina losalembedwa paliponse, koma tonse tinkalidziwa. Kapitawo akangoona kuti mayi ali ndi pakati, ankaima kumbuyo kwake n'kunena mokoma, "Amama, kapumuleni ku nyumba, fodya si yabwino pali imwe." Ndiye kuti ntchito yatha. Choncho tinkamanga mimba ndi chitenje mpaka kumapuma moperewera. Chaka chimene ndikunenachi ndinali ndi pakati kachiwiri, ndipo ndinkamanga.

Aphungu athu anali atsopano. Anabadwira ku Lundazi konko, koma moyo wawo wonse anathera kumigodi, kumene ankatsogolera bungwe la antchito. Tinkangowatchula kuti a Onalebo. Anali munthu woonda, wa jekete lomwelomwelo, ndipo galimoto yawo inkakhala kwa makanika kuposa pamsewu. Ndisawanamizire, ankayesetsa. Analimbana kuti msewu wathu upalidwe, chigalimoto chopala msewu chinabweradi, chinapala kamtunda n'kufera pafupi ndi mlatho, ndipo chinakhala pamenepo mpaka nkhuku zinayamba kuikira pansi pake. Analimbana kuti basi ibwerere, inabwera milungu itatu n'kulekanso. Anthu ankawaseka kuti chilichonse chimene a Onalebo agwira chimafuna makanika. Iwo ankamva, koma m'mawa mwake unkawaonabe ndi kabuku kawo m'manja, akulowera kwina.

Tsiku lina mu Juni, kukuzizira kochita kuluma makutu, tinawapeza ataima pamene tinkadikirira lole.

"Monile mose," anatilonjera m'Chitumbuka chimene chinali chitachita dzimbiri.

"Yewo," tinayankha, tikuyang'anizana.

Lole itafika apongozi anatsika n'kuwatsegulira chitseko cha kutsogolo, koma iwo anakana. "Nifuna kukwela kwamene akwela anthu," anatero, nakwera kumbuyo pakati pathu. Apongozi, mwa ulemu wawo, anayamba kuyendetsa ngati anyamula mazira. Ndinali ndi mnzanga wa pa benchi, mayi wamasiye wa pakamwa posatseka. Ameneyo anamenya denga la kanyumba ka dalaivala ndi chikhatho.

"Adada, yendetsani monga masiku onse! Alendo alaweko vamene tidya ise!"

Apongozi anamvera. Pa dzenje loyamba chipewa cha aphungu chinapita ndi mphepo. Pa lachiwiri anadziluma lilime. Pa lachitatu anagwera pamsana pa mayi wina wonenepa amene anawauza kuti ulendo wina adzayambe kufunsira. Pofika pa shedi anali ofiira ndi fumbi kuyambira tsitsi mpaka nsapato, akulavula timagazi, ndipo panalibe amene anawamvera chisoni.

Masana anatisonkhanitsa pansi pa mtengo wa mango. Amuna anakhala pa mabelo, ife pansi. Amunawo anayankhula za majombo, za maovolosi, za nthawi yowerukira, wina n'kubwereza zimene mnzake wanena kale kuti naye amveke. Aphungu analemba zonse, kenaka anatembenukira kwa ife.

"Manje nifuna kumva azimayi."

Nkhani yathu inali ya mimba, ndipo mimba sitiitchula pamaso pa amuna. Apongozi anali atapita ku boma kukathira dizilo, apo ayi sindikanatsegula pakamwa. Koma ine ndili ndi vuto lobadwa nalo, mtima ukangotentha pakamwa sipandifunsa.

"A Onalebo," ndinatero ndili chigwadire, "ise tikankhala na pakati atichotsa nchito. Tikabisa, lole itichotsa mimba. Manje tisankhe chiti?"

Amuna ena anazolika, wina anatsokomola. Aphungu anasiya kulemba.

"Mufuna chani, amama?"

"Mabenchi mu lole, na tenti. Na kuti asatipitikitse."

Analemba. Kapitawo anandiyang'ana pamimba nthawi yaitali, koma nkhani ili m'manja mwa aphungu sakanayerekeza kundikhudza. Kuyambira tsiku limenelo ndinamasula chitenje chija, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinadya masana mpaka kukhuta.

Aphungu analemba makalata, anapita ku Lusaka kawiri, ulendo wina pa lole ya chimanga poti galimoto yawo inali pomwe inkakhala. Kumapeto kwa Julaye, Lachitatu lina, anabwera ndi pepala la chidindo n'kutiwerengera pansi pa mango pomwe paja, mawu atawasasa. Mayi wapakati asachotsedwe ntchito mpaka atanena yekha kuti watopa. Malo ake pa benchi amusungire. Mkazi nayenso akhoza kukhala kapitawo. Azimayi anayamba nthungululu. Za mabenchi ndi tenti kampani inati ikuganizabe, koma m'malo mwake inavomera china, ndipo apa aphungu anakweza mawu monyadira. Mayi wapakati asakwerenso kumbuyo kwa lole, azikhala kutsogolo, pambali pa dalaivala. Wopezeka kumbuyo kampani ilibe naye mlandu, ndipo aziimitsidwa ntchito.

Nthungululu zinakula. Mnzanga uja ananditsina pantchafu, kenaka anandiyang'ana kumaso, ndipo nthungululu yake inathera pakhosi. Apakati tinalipo atatu, koma awiriwo ankakhala ku boma ndipo ankabwera wapansi. Wa lole ndinali ine ndekha.

Kapitawo ankadziwa bwino lomwe kuti dalaivala ndi ndani wanga. Anabwera akumwetulira.

"Mwawina, amama. Kuyambila pa Mande, kutsogolo."

Nkhani inafika pakhomo ndisanatsuke fumbi kumapazi. Apongozi aakazi anandiitanitsa kuseri kwa nkhokwe, ndipo sanayambe ndi moni.

"Namva ati mufuna kunkhala pa mpando umodzi na adadavyala anu." Limeneli ndi dzina la apongozi aamuna kumeneko. "Mulije soni?"

"Manyazi nili nayo, amama. Si ine nafuna, ni pepala."

"Pepala ili na apongozi?"

Ndinayesa kunena kuti mnzanga wamasiye uja akhoza kukhala pakati pathu, ine ndikhale chakuchitseko nditayang'ana kunja. Anapukusa mutu ndisanamalize.

"Kanyumba kaja kali na denga, kali na chitseko. Ni chipinda. Olo munkhale anthu khumi, mwatsekeledwa na iwo." Kenaka anatsitsa mawu. "Yoyamba inapita. Iyi ikavuta pobeleka, anthu sazafunsa ku chipatala. Azakamba za mpando."

Mawu amenewo ndi amene anandifooketsa, chifukwa anali oona. Sikuti mayiwo anali oipa. Ankadziwa mudzi wawo, ankadziwanso kuti mkamwana wochokera kutali akangolembedwa dzina loipa amafa nalo. Ndinayang'ana mwamuna wanga kuti anenepo kanthu, ndinamupeza akukonza mpini wa khasu umene sunali wothyoka. Patapita nthawi anati azindiperekeza pa njinga.

Tinayesa Lachisanu. Tinanyamuka tambala atangolira kachiwiri. Pamene pali mchenga ndinkatsika n'kuyenda, pamene pali maenje ndinkatsikanso, ndipo msewu umenewo unalibe malo ena kupatula mchenga ndi maenje. Tinafika anzanga atamaliza kale mitolo yoyamba, mapazi anga atatupa osalowanso m'patapata. Pobwerera ndinamva kukoka m'munsi mwa mimba, kofanana ndi kwa nthawi ija. Ndinakhala pansi m'mphepete mwa msewu mpaka kunasiya, mwamuna wanga atagwira njinga. Za njinga sitinazitchulenso.

Loweruka ndinapempha malo pa ngolo ya ng'ombe ya anthu opita ku msika wa Lundazi ndi mtedza. Ofesi ya aphungu inali kachipinda kuseri kwa sitolo ina pafupi ndi msikawo. Panja panali mzere. Panali amuna ochotsedwa ntchito m'makampani otsekedwa, mayi wina amene achibale a malemu mwamuna wake anamulanda ng'ombe, ndi mkulu wina amene ankabwera Loweruka lililonse kudzafunsa za mlatho. Aliyense ankalowa ndi nkhope yolemera n'kutuluka ndi nkhope yomweyo, kungoti tsopano nkhani yake yalembedwa m'kabuku. Nthawi yanga inakwana dzuwa lili pamutu.

Nditalowa ndinagwada.

"Iyayi amama, nkhalani pa mpando. Muno tonse ndise olingana."

Ndinakhala m'mphepete mwake, ndikuganiza kuti mipando ya bambo amenewa idzandipha. Ankadya mtedza wokazinga wa m'kapepala, ndipo ndikukhulupirira kuti chimenecho ndicho chinali chakudya chawo cha masana. Ndinafotokoza nkhani yanga nditayang'ana pansi. Mtedza anausiya.

"Dalaivala uja ni apongozi anu?"

"Ni iwo."

"Ndipo palibe ananiuza?"

"Simunafunse."

Anagwira mutu ndi manja onse awiri. "Nankhalitsa ku migodi," anatero ngati akudziuza okha. "Kuja munthu akwela basi imodzi na apongozi ake, palibe aona. Ine nenze kuganiza nakupatsani malo abwino kupambana onse." Anadzuka, anayenda masitepe awiri amene chipindacho chinkalola, nabwerera. "Nanga tikamanga chitenje pakati?"

"Kuti asaone galasi ya kumanzele, tikagwele mu mlatho tonse?"

"Nikambe nawo akuluwo. Nthawi zasintha, amama. Miyambo ina ifunika kuti..."

"Imwe mukakamba muzabwelela ku Lusaka. Ine nibwelela ku mudzi."

Sanakwiye. Anavala jekete lawo, anauza a pamzere kuti adikire, n'kupita wapansi kunyumba kwa manijala. Ndinawadikirira pakhonde la sitolo mpaka mthunzi unasuntha. Atabwera sanalowe ndi m'chipinda momwe, anangokhala pakhonde pomwepo, kutali nane pang'ono.

"Akuti pepala inasainiwa ku Lusaka. Tikaitsegula kuti tichinje mzele umodzi, azaifafaniza yonse. Anasaina osafuna, ayembekeza chabe chifukwa." Anapukuta fumbi pa nsapato ndi chala. "Sininganame kuli imwe. Nikamenyela imwe, nitaya azimayi onse a mu shedi."

Ndinafuna kuwatukwana, mawu ndinali nawo okwanira m'zilankhulo ziwiri. Koma munthu wake anali wotopa kuposa ine. Kolala ya shati yawo inali yotembenuza, maso ofiira, ndipo mkulu wa mlatho uja anali ataima kale pafupi kudikira kuti ine ndichoke. Walira mvula walira matope. Amene anatsegula pakamwa pansi pa mango ndinali ine, ndipo pepala limene linkandichotsa ntchito linali lomwe ndinapempha. Ndinawathokoza, sindikudziwa chifukwa cha chiyani, n'kupita kukafuna ngolo yobwerera.

Lamlungu ndinachapa epuloni ya kampani n'kuipinda bwino. Ndinali nditaganiza. Ndikwera kumbuyo komaliza, ndikabweza epuloni, kapitawo asangalale. Sindinalire, ndinali nditatopa kwambiri moti ngakhale kukwiya kunandikanika.

Lolemba m'mawa nditamva kulira kwa lole ndinapatukira m'udzu monga mwa masiku onse, nditayang'ana kumbali. Mnzanga wamasiye uja anandikoka chitenje.

"Iwe, yang'ana."

"Nizayang'ana bwanji?"

"Nakuuza yang'ana!"

Pa chiwongolero panali munthu wina, bambo wachinyamata wa kamtengo ka machesi pakamwa, mmodzi wa aja a ulendo wa ku Chipata. Anatulutsa mutu pawindo.

"Ndimwe amama a kutsogolo? Kwelani, tachedwa."

"Nanga akulu aja?" anafunsa mnzanga.

"Anapempha tichinjane. Atenga mabelo ku Chipata. Ine nikanilenji, msewu uja unanitha matako."

Pambuyo pake ndinamva kuti apongozi anapita kwa manijala Loweruka lomwelo m'mawa, ine ndili pa ngolo ya mtedza. Manijala sanawauze aphungu, mwina sanaone kuti nkhani ziwirizi zikukhudzana, mwina sanafune. Apongoziwo sanauze munthu aliyense. Ngakhale akazi awo anamva Lamlungu madzulo, atauzidwa kuti awalongedzere bulangete.

Mpando wa kutsogolo unali wofewa, ndipo kumapazi kunkabwera kutentha kwa injini. Maenje omwe aja ndinkawamva ngati ali kutali. Ndinalira mpaka pa mlatho, kenaka, ndisabise, ndinagona tulo. Pofika pa shedi azimayi anatsika kumbuyo ali ofiira, ine ndili woyera, ndipo anayamba kuwomba m'manja. "A manijala afika! Tsegulani geti!" Anandiseka choncho mpaka nyengo inatha, koma osati mwankhanza. Kapitawo yekha ndiye sanaseke.

Kumudzi kunalibe zoseka. Apongozi aamuna ankabwera kamodzi pa masiku atatu kapena anayi. Ndinkawaonera pakati pa mapesi a mpanda akutsika pamsewu, dzanja lili m'chiuno, akuima kawiri asanafike pakhomo. Apongozi aakazi ankawatenthetsera madzi othowa msana, ndipo ndowa ankaiika pansi mwamphamvu kuti imveke mpaka kunyumba kwanga. Milungu yambiri sanandiyankhule. Sakanandinena kuti ndaphwanya mwambo, poti sindinauphwanye, ndipo ndikuganiza kuti chimenecho ndicho chinkawawawa kwambiri.

Aphungu anabweranso pa shedi mu Ogasiti kudzaona ngati pepala likutsatidwa. Anandipeza ndikutsika kutsogolo kwa lole, nkhope yawo inawala.

"Mwaona amama, vatheka!"

Ndinawauza mmene zinathekera. Anavula chipewa chawo chatsopano, anachiyang'ana mkati, n'kuchivalanso. Pambuyo pake pamisonkhano ankatchula pepala lija pakati pa zimene achita, ndipo sankanama, chifukwa azimayi ambiri anaberekadi n'kubwerera pa benchi, ndipo mnzanga wamasiye uja anadzakhala kapitawo, wovuta kuposa woyamba. Mabenchi ndi tenti sizinabwere. Pa chisankho chotsatira anagwa chifukwa cha msewu. Ine ndinawavotera, ndili wokwiya.

Nyengo ndinaimaliza. Mwana anabadwa mvula yoyamba itagwa, wamkazi, wamoyo, wolira ngati amake. Patapita mwezi apongozi anatumiza nkhuku, ndipo ndinapita kukagwada pakhomo pawo n'kunena "Monile, adada" koyamba chikwatiwire. Anayankha atayang'ana mtengo wa papaya. Ngakhale nkhuku yaperekedwa, moni ndi moni basi, sikuti mwayamba kucheza.

Chaka chotsatira anandiitana woyamba, pamalo anga omwe aja. Chaka chomwecho kampani inaganiza zoti mabelo opita ku Chipata azinyamulidwa ndi malole aganyu, ndipo madalaivala onse a ulendo umenewo anawauza kuti akapumule. Lole ya antchito inatsala, ndi bambo wa machesi uja. Apongozi anapita kukafunsa ngati angabwerere pa ulendo wawo wakale, anawayankha kuti anausiya okha. Aphungu, amene nthawiyo anali adakali pampando, analemba makalata atatu. Pepala lawo linkanena za azimayi apakati, silinkanena za madalaivala okalamba, ndipo yankho silinabwere. Apongozi anabwerera kumudzi ndi bulangete lawo. Khasu sakanatha kugwira chifukwa cha msana, choncho ankangokhala pamkeka pansi pa mthunzi, akumvera magalimoto odutsa pamsewu n'kumatchula chimene chavuta mu injini.

Ine m'mawa uliwonse ndinkadutsa kuseri kwa nyumba yawo kupita kukakwera lole. Panthawiyi ndinali nditabwerera kumbuyo ndi anzanga, poti mimba inali itatha. Mpando umene unawadyera ntchito ndinaukhalira miyezi iwiri yokha.

Ndinkafuna kuwathokoza, koma panalibe njira. Kuti ndithokoze ndikanayenera kutchula chimene anachita, ndipo kutchula chimenecho kunali kutchula mimba yanga pamaso pawo, ndi kuwauza kuti ndikudziwa kuti ankaiona. Ndikanawavula ulemu umene anautayira ntchito. Ndinauza mwamuna wanga kuti akanene m'malo mwanga, anati adzanena, ndipo ndikudziwa kuti sananene.

Lamlungu lina masana anthu onse anali ku maliro kumudzi woyandikana nawo. Ine ndinatsala chifukwa mwana anali ndi chimfine, apongozi aamuna anatsala chifukwa cha msana. Ndinawamva akuitana madzi, kuiwala kuti akazi awo kulibe. Ndinatunga m'chikho, mwana ali kumsana, ndinapita kukagwada kumapeto kwa mkeka n'kuika chikhocho pansi. Ndikanayenera kudzuka nthawi yomweyo, koma sindinadzuke. Mwana anayamba kuvuta, ndinamutsitsa, ndipo anakwawira kwa agogo ake n'kugwira chala chawo cha kuphazi.

Anamunyamula movutika, anamukhazika pamimba pawo. Anali ndi miyezi isanu ndi inayi, osadziwa kunena ngakhale "amama." Anamuyang'ana m'maso n'kuyankhula naye ngati munthu wamkulu.

"Iwe, ukawauze amako kuti msewu wa ku Chipata nenze kuufuna nekha. Nenze nalema na msewu umodzi. Wamva?"

Mwanayo anawagwira mphuno.

Ndinayang'ana pansi. "Ukawauze agogo ako," ndinatero kwa mwanayo, "kuti namva."

Anamwa madzi. Ndinatenga chikho ndi mwana n'kubwerera kunyumba kwanga. Anakhala zaka zina ziwiri pamkeka umenewo, ndipo nkhani imeneyi sitinaikhudzenso mpaka tsiku limene tinawaika.